Kabokosi koyang'anira sola kakangoti zii: mafunso ndi mayankho pa gateway ndi waranti yake

Munthu akamaikitsa sola ya ma microinverter, maso ake amakhala padenga. Amawerenga mapanelo, amafunsa za mawati, amasangalala akamva zoti waranti ndi ya zaka 25. Kabokosi kakang'ono kotchedwa gateway, komwe mmisiri wakhomerera pafupi ndi bokosi la ma breaker sakalabadira n'komwe, mpaka tsiku limene watsegula foni n'kupeza manambala ataima pa Lachiwiri la sabata yatha. Mafunso ali m'munsiwa ndi a tsiku limenelo, ndipo ndikanakonda mwini nyumba aliyense akanawawerenga lisanafike.

Kodi gateway n'chiyani, nanga imagwira ntchito yanji?

Pa sola ya mtundu uwu palibe inveta imodzi yaikulu yapakhoma. Kunsi kwa panelo iliyonse, kapena kwa mapanelo awiri kaya anayi, kumamangiriridwa kainveta kakang'ono, kotchedwa microinverter, komwe kamasandutsa magetsi a DC ochokera ku dzuwa kukhala a AC ogwiritsa ntchito m'nyumba. Zonsezi zimathera padenga pomwepo. Gateway sipanga magetsi, ndipo magetsi a mapanelo sadalira iyo kuti atsike. Iyo ndi mthenga chabe. Imafunsa microinverter iliyonse kuti yapanga magetsi ochuluka bwanji, yatentha motani, ili ndi vuto kapena ayi, kenako imatumiza mayankhowo ku seva (kompyuta yosunga manambala) ya kampani yopanga zipangizozo kudzera pa intaneti. Timabokosi towala timene mumaona pafoni, kamodzi pa panelo iliyonse, gwero lake ndi limeneli.

Kampani iliyonse ili ndi dzina lake la kabokosika. Enphase, kampani ya ku California imene inayamba mu 2006, inkakatcha Envoy, pano imati IQ Gateway. APsystems imati ECU, Hoymiles imati DTU. Njira zolankhulirana ndi denga zimasiyananso: ya Enphase imatumiza uthenga m'mawaya omwewo a magetsi, ya APsystems imadalira wailesi ya Zigbee, ya Hoymiles ili ndi wailesi yakeyake. Muzidziwa kuti yanu ndi ya njira iti, chifukwa vuto likadza, njirayo ndiyo imakuuzani kokalifunafuna.

Palinso ntchito zina zosaoneka pafoni. Tsiku loyatsa koyamba, ma microinverter amauzidwa malamulo a magetsi a dzikolo kudzera mu gateway: voteji imene ayenera kulolera, ndi pamene ayenera kudzizimitsa. Firmware yatsopano, ndiye kuti pulogalamu ya m'kati yoyendetsa chipangizo, imadzeranso momwemo.

Ikafa, ndiye kuti sola yanga yasiya kupanga magetsi?

Nthawi zambiri ayi. Microinverter iliyonse imadziimira payokha. Dzuwa likamawala, magetsi a kampani yogawa magetsi nawonso alipo, iyo imagwira ntchito yake kaya gateway ili moyo kaya yafa. Mwataya maso, magetsi simunataye.

Koma pali nyumba za mitundu iwiri kumene yankho limasintha. Yoyamba ndi imene inapatsidwa malire a magetsi obwezera ku mawaya a kampani, kapena inaletsedweratu kubweza. Kumeneko gateway ndiyo imayang'ana zimene nyumba ikukoka n'kumauza ma microinverter kuti achepetse kapena awonjezere. Ikasowa, makina ambiri anakonzedwa kuti adzichepetse okha kapena aime, poopa kuphwanya lamulo. Yachiwiri ndi nyumba ya mabatire, kumene gateway ili ngati kapitawo wouza batire nthawi yolandira ndi nthawi yopereka. Ngati yanu ili m'magulu amenewa, gateway yakufa si nkhani yoti "tiona mwezi wamawa."

Kuti mutsimikize, masana dzuwa lili paliwombo yang'anani mita yamagetsi. Ikamaonetsa kuti magetsi akubwerera, kapena kuti nyumba ikukoka ochepa zedi pamene furiji ndi zina zikuyaka, denga likugwira ntchito.

Dziwaninso kuti magetsi a kampani akathima, ma microinverter wamba amazima dala, m'masekondi osapitirira awiri malinga ndi muyezo wa IEEE 1547, kuti asaphe mmisiri amene akukonza waya kumsewu. Magetsi akabwera amayamba adikira, kwina mphindi imodzi kwina zisanu. Limenelo si vuto la gateway.

App ikunena kuti zipangizo sizikutumiza uthenga. Ndiyambire pati?

Musathamangire kugula ina. Uthenga umayenda maulendo atatu: kuchoka padenga kufika pa gateway, kuchoka pa gateway kufika pa rauta, ndi kuchoka pa rauta kufika ku seva ya kampani. Pakaduka pena paliponse, foni imakuonetsani zofanana.

Yambani mwayang'ana nthawi. Ma microinverter amadzuka ndi dzuwa, chifukwa mphamvu yoyendetsera ubongo wawo imachokera ku panelo. Usiku amagona ndipo sayankha. Alipo ambiri amene asowa tulo ndi chinthu chimene chimadzikonza chokha dzuwa likangotuluka.

Mukatero pitani pamene pali kabokosiko mukaone timagetsi take. Ngati tonse tazima, onani breaker yake, soketi, kapena adapta. Ngati tikuyaka koma ka intaneti kazima kapena kasintha mtundu, dzifunseni: kodi tasintha rauta posachedwapa? Pasiwedi? Kampani ya intaneti? Pa mavuto onse amene ndakumana nawo, lobwerabwera ndi limeneli. Munthu amasintha pasiwedi ya Wi-Fi, n'kulowetsa yatsopano m'mafoni onse, pa TV, pa laputopu, koma gateway imene ili kuseri kwa chitseko cha galaja saikumbuka. Ma gateway ambiri amagwira Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, choncho rauta yatsopano ikamaulutsa 5 GHz basi, kapena ikaphatikiza ziwirizi pa dzina limodzi, ena amasokonezeka.

Ndinafikapo pa nyumba ina imene gateway inakhala chete miyezi isanu ndi iwiri chifukwa cha rauta yatsopano. Bambo wa panyumbapo anati, "Palibe kanthu, bilu sinakwere kwenikweni." Titailumikiza, timabokosi tonse pafoni tinawala kupatula tiwiri tapakona, tili bii. Ma microinverter awiriwo anali atafa kalekale, ndipo nyengo yonse yotentha inadutsa mapanelo awiri akungowothera dzuwa padenga. Bambowo anayang'ana foni, n'kuyang'ana denga, osanena kanthu. Zinandipweteka, chifukwa zipangizozo zinali pa waranti, zikanasinthidwa mwezi woyamba womwewo.

Ngati n'kotheka, kokani waya wa Ethernet kuchoka pa rauta. Umafika mamita 100 popanda vuto, ndipo waya ulibe pasiwedi yoti musinthe.

Manambala a masiku amene intaneti inaduka atayika?

Ngati gateway inali yoyaka ndipo inkamvana ndi denga, imasunga manambala kwa kanthawi n'kuwatumiza intaneti ikabwera, nthawi zina pang'onopang'ono kwa maola angapo. Ngati inali yozima, palibe amene ankalemba, ndipo mpata umenewo ukhala choncho.

Intaneti ili bwinobwino, koma mapanelo ena amasowa n'kubweranso. Chikuchitika n'chiyani?

Apa vuto lili pa ulendo woyamba uja, wa pakati pa denga ndi kabokosi.

Pa makina otumiza uthenga m'mawaya a magetsi, mdani ndi phokoso la m'mawayamo. Si phokoso lomveka ndi khutu, koma kusokonekera kumene zipangizo zina zimathira m'magetsi: pampu yamadzi, makina owotcherera zitsulo, mababu ena a LED, ma chaja otchipa, injini ya furiji yokalamba. Uthenga wa microinverter uli ngati kunong'ona, ndiye chipangizo china chikamafuula pa waya yemweyo, gateway siimva. Chizindikiro chake n'chakuti vutolo limakhala ndi nthawi yake. Lembani maola amene mapanelo amasowa, kenako mufananize ndi zimene zimayaka m'nyumba nthawi imeneyo. Mukhozanso kuzimitsa ma breaker a m'nyumba imodziimodzi n'kuona pamene mapanelo abwerere. Gateway ya pulagi isalowetsedwe pa ekisitenshoni yotchinga mphenzi kapena pa UPS (kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima), chifukwa zosefera za mmenemo zimameza uthenga womwewo. Amisiri amakonza vutoli posendeza gateway kufupi ndi bokosi limene mawaya a sola amalowera, kapena poika zosefera pa waya wa chipangizo chosokosacho.

Pa makina a wailesi, mdani ndi mtunda, makoma okhuthala ndi chitsulo. Denga lamalata lili pakati pa microinverter ndi gateway limatchinga kwambiri. Kuika kabokosi ka wailesi m'bokosi lachitsulo n'kutseka chitseko n'chimodzimodzi kumanga munthu pakamwa n'kumamufunsa mafunso. Nthawi zina kungotulutsira kunja mlongoti wake kumathetsa zonse.

Zonsezi si kuwonongeka kwa chipangizo, choncho waranti ya wopanga siilowapo. Ndi nkhani ya kaikidwe, ndipo woyenera kubwerera ndi amene anakuikirani.

Nanga chimene chimaipheratu gateway n'chiyani?

Gateway ndi kakompyuta kakang'ono kosazima usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Mbali imene imatopa msanga ndi yolandirira magetsi, kaya ndi adapta yapakhoma kaya ili m'kati. Mmenemo muli ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, amene amauma ndi kutentha, ndipo amisiri a zamagetsi ali ndi kawerengedwe kodziwika: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa capacitor yotere umadulidwa pakati. Ndiye taganizirani za kabokosi kokhomeredwa pa khoma loombedwa ndi dzuwa masana onse, kapena kudenga kunsi kwa malata. Ngati yanu ndi ya adapta, ikazima yesani kaye adapta ina ya voteji yofanana ndendende. Adapta yotupa kapena yonunkha kupserera yadziulula yokha.

China ndi memori imene imalembedwa manambala mphindi zingapo zilizonse. Imeneyi imatha mphamvu pakapita zaka, ndipo magetsi akamathimathima ili pakati polemba ikhoza kusokonekera, gateway n'kumangoyaka n'kuzima osafika poyamba ntchito. Palinso mphenzi ndi kudumpha kwa voteji, zimene zimalowera ku magetsi kapena ku waya wa Ethernet. Chinyezi, nyerere ndi akangaude nazonso zimakonda malo ofunda ngati amenewa.

Anandiuza kuti waranti ndi ya zaka 25. Bwanji akukana kundisinthira gateway?

Funso ili ndi limene landichititsa kulemba zonsezi.

Palibe waranti imodzi ya "sola yonse." Pali mapepala angapo, lililonse la chipangizo chake. Mapanelo amalonjezedwa kawirikawiri zaka 25 za kapangidwe ka magetsi. Ma microinverter a IQ a Enphase ali ndi zaka 25 ku America, pamene makampani ena amayambira pa zaka 10 kapena 12 n'kukulolani kugula zowonjezera mpaka 25. Koma IQ Gateway ili ndi zaka 5 zokha, ndipo kwa opanga ambiri nkhani ndi yomweyo: kabokosi koyang'anira kali ndi waranti yaifupi kwambiri kuposa zimene kakuyang'anira. Wogulitsa akamati "zaka 25" sananame kwenikweni, koma watchula nambala yokoma yokha.

Chifukwa chake chimamveka. Microinverter inapangidwa kuti ipirire denga, inamatidwa m'kati monse kuti madzi ndi fumbi zisalowe. Gateway ndi m'bale wake wa rauta, ndipo ndani amayembekeza rauta kukhala zaka 25? Ngakhale itapanda kupsa, zimene imadalira zimasintha: mitundu ya Wi-Fi, ma netiweki a mafoni, njira zotetezera uthenga pa intaneti.

Chimene sindigwirizana nacho n'chakuti wogula sauzidwa poyera. Chotsani 5 pa 25: patsala zaka 20 zimene kabokosika kali pa thumba lanu. Tiyerekeze kuti gateway iliyonse yakukhalitsani zaka 8 kapena 10. Ndiye kuti pa moyo wa sola yanu mudzagula ina kawiri kapena katatu, n'kulipiranso mmisiri. Si tsoka ayi, ndi ndalama yoyenera kuwerengeredwa kuyambira tsiku loyamba.

Ndipo pali mfundo ina yolemera kuposa ndalamayo. Gateway ndiyo mboni ya waranti ya zaka 25 ija. Microinverter ikafa, kampani imafuna kuiona kudzera pa intaneti: inasiya liti, inanena vuto lanji isanafe, kodi ikaitanidwa ikuyankha. Popanda gateway yamoyo, inu simudziwa kuti panelo yachisanu ndi chitatu yagona, ndipo ngakhale mutadziwa mulibe umboni wopereka. Chipangizo cha waranti yaifupi ndicho chagwira kiyi ya waranti yaitali. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti gateway ikafa, asaisiye poti magetsi akubwerabe.

Kodi sola ikakhala yopanda intaneti, waranti imatha?

Werengani pepala lanu, chifukwa mawu amasiyana malinga ndi kampani, dziko ndi chaka chimene munagula. Mapepala ena ali ndi ndime yonena kuti zipangizo zizikhala pa intaneti nthawi zonse, kupatula pa zifukwa zimene mwini wake sangaziletse, n'cholinga choti kampani iziyeza vuto ili kutali ndi kutumiza firmware yatsopano. Pa mabatire ndime imeneyi imakhala yolimba kwambiri. Intaneti kuduka masiku angapo palibe amene angakuimbeni mlandu. Koma gateway yokhala yozima zaka ziwiri imapatsa kampani poyambira kukana. Mapepala enanso amafuna kuti zipangizo zilembetsedwe pasanathe masiku akutiakuti chiziikireni, ndiye funsani amene anakuikirani ngati anachita zimenezi, ndipo akuonetseni.

Yapsa ndi mphenzi. Andisinthira?

Pafupifupi mapepala onse amachotsa mphenzi, kudumpha kwa voteji, kusefukira kwa madzi, moto ndi tizilombo pa zimene waranti imakhudza. Waranti ndi lonjezo lakuti chinthu chinapangidwa bwino, si inshulansi. Kotsala kodalira ndi inshulansi ya nyumba, ngati munawauza kuti mwaika sola. Chotchinga mphenzi choikidwa m'bokosi la ma breaker ndi waya wapansi woikidwa bwino n'zotchipa kusiyana ndi zimene zimateteza.

Ngati avomera, amalipira zonse?

Kawirikawiri wopanga amatumiza chipangizo, chatsopano kapena chokonzedwanso. Ulendo wa mmisiri ndi ntchito yake ndi nkhani ina. Gateway yolumikizidwa mwachindunji ku bokosi la magetsi si yoti mwini nyumba azimasula yekha, ndiye mmisiri afunika ndithu. Ndalama imeneyi imakhala pa waranti ya ntchito imene wokuikirani anapereka, ngati anapereka, ndipo ngati sinathe. Chipangizo cholowa m'malo nthawi zambiri chimangopitiriza zaka zotsala za chakale, sichiyambanso kuwerenga.

Kuwonjezera pa waranti ya wopanga, malamulo a dziko oteteza ogula ali ndi mphamvu yake. Ku European Union wogula ali ndi zaka zosachepera ziwiri zodandaula kwa amene anamugulitsa katundu wolakwika, ndipo ku Australia ufulu wa wogula suthetsedwa ndi zimene kampani yalemba pa pepala lake.

Bwanji kampani ikagwa?

Zachitikapo, ndipo si nkhani yongoopsezera. Enecsys, kampani ya ma microinverter ya ku Cambridge ku England, inagwa mu 2015. Ma microinverter anapitiriza kupanga magetsi pa madenga a anthu, koma waranti inasanduka pepala wamba, ndipo eni ake ena odziwa makompyuta anachita kudzilembera mapulogalamu otola manambala kuchokera ku ma gateway awo. Mu August 2024, SunPower, imodzi mwa makampani akuluakulu a sola ku America, inalengeza kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole. Nkhani yake ili ndi phunziro lapadera. Mu 2018 Enphase inagula gawo la ma microinverter la SunPower, choncho mapanelo ambiri a SunPower a zaka zotsatira anali ndi ma microinverter opangidwa ndi Enphase, koma kabokosi koyang'anira kanali ka SunPower, kotchedwa PVS. Anthu anapezeka ali ndi zipangizo zabwino padenga, koma maso awo ali m'manja mwa kampani yakugwa.

Kugwa kwa wokuikirani n'kofala kuposa kugwa kwa wopanga. Waranti ya wopanga imapitirira, koma ya ntchito imapita naye. Vuto lina n'lakuti akaunti ya sola yanu pa seva ikhoza kukhala m'dzina lake. Onetsetsani lero lomwe kuti mwalembedwa monga mwini, ndi imelo yanu, kuti mudzathe kuloleza mmisiri wina kulowa.

Yanga imagwiritsa ntchito SIM khadi, osati Wi-Fi. Ndili pabwino?

Pa nkhani ya pasiwedi ndi rauta, inde. Koma ma netiweki a mafoni amakalamba msanga kuposa mapanelo. Ku America, AT&T inazimitsa 3G mu February 2022 ndipo Verizon inazimitsa yake kumapeto kwa December chaka chomwecho. Ma modemu a 3G amene anali m'makina a sola anangoti zii, asanawonongeke n'komwe. Mayiko ena akuzimitsa 2G ndi 3G pa nthawi zawo. Waranti sikhudza zimenezi, chifukwa chipangizo sichinalakwe. Komanso data imene imabwera ndi modemu imakhala ya zaka zowerengeka, mwachitsanzo 5, ikatha mumalipira kapena mumasamukira ku intaneti ya panyumba. Funsani kuti modemu yanu ndi ya netiweki iti ndipo data yake ikutha liti.

Ndingagule gateway ina iliyonse, kapena yogwiritsidwapo kale ntchito?

Ya kampani ina singamvane ndi ma microinverter anu. Ngakhale m'kampani imodzi, mibadwo imasiyana. Hoymiles ili ndi ma microinverter a wailesi ya 2.4 GHz ndi ena a wailesi yotsika kuposa 1 GHz, ndipo DTU ya gulu limodzi simva linalo. Ku Enphase nakonso gateway imayenera kugwirizana ndi mbadwo wa zimene zili padenga ndi mtundu wa magetsi a dzikolo. Lembani dzina lenileni la ma microinverter anu musanagule kanthu. Safunsa anadya phula.

Yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kukhala yomangiriridwabe ku akaunti ya mwini wakale, ndipo kuimasula kumafuna kampani. Yogulidwa kudziko lina imakhala yopanda waranti nthawi zambiri, popeza mapepala ambiri amagwira ntchito m'dziko limene katundu anagulitsidwira mwalamulo.

Mbiri yakale ya manambala sitayika posintha gateway, chifukwa ili pa seva. Chofunika n'chakuti mmisiri alowetse yatsopanoyo mu akaunti yomweyo, osatsegula ina.

Kodi n'zotheka kuona manambala popanda kudalira seva ya kampani?

N'zotheka, ndipo ine ndimaona kuti n'kwanzeru kwa amene ali ndi luso lake. Ma gateway ambiri amatha kuwerengedwa pa netiweki ya m'nyumba momwemo, ndipo pulogalamu ya Home Assistant imatha kutola manambala n'kuwasunga pa kompyuta yanu. Ku Enphase, kuyambira pa firmware ya nambala 7, kulowa mwa njira imeneyi kumafuna chiphaso chochokera ku seva ya kampani, chimene kwa mwini nyumba chimatha pakapita chaka. Ambiri anadandaula nazo, ndipo ndimawamvetsa: chipangizo chili pa khoma lako, koma kuti ulankhule nacho ukapemphe kaye chilolezo kwina. Kwa a Hoymiles, anthu odzipereka anapanga OpenDTU ndi AhoyDTU, mapulogalamu aulere oikidwa pa kachipangizo kotchipa ka ESP32, amene amalankhula ndi ma microinverter popanda seva iliyonse.

Chenjezo n'lakuti manambala osungidwa kwanu okha kampani siwaona. Pa nkhani ya waranti ikhoza kufunabe gateway yake. Njira imeneyi ikhale yowonjezera.

Firmware imasintha yokha. Ndiilole?

Iloleni. Zimachitika ndithu kuti firmware yatsopano yabweretsa kavuto kapena yatseka khomo limene munkalikonda, koma gateway ndi kompyuta ya pa intaneti imene imatha kulamula magetsi. Mu 2024 bungwe la ku Netherlands lotchedwa DIVD linaulula mipata isanu ndi umodzi yolowera akuba a pa intaneti mu IQ Gateway, ndipo mipatayo inatsekedwa ndi firmware yatsopano. Gateway yosalandira zatsopano imakhala ndi mipata yotere mpaka kalekale. Musatsegule khomo pa rauta loti gateway izifikiridwa mwachindunji kuchokera kunja, ndipo musaizimitse pamene timagetsi take tikuonetsa kuti ikulandira firmware. Ikafa pa nthawi yolandira firmware yotumizidwa ndi kampani, nenani zimenezo momveka podandaula, ngakhale zaka za waranti zitadutsa.

Manambala a pafoni akusiyana ndi a pa mita. Gateway yawonongeka?

Kusiyana pang'ono n'kwachibadwa. Kukakhala kwakukulu, kapena app ikamaonetsa kuti nyumba ikudya magetsi ochuluka ndendende pamene dzuwa lakwera, kaikirani timphete toyezera totchedwa CT timene timavekedwa pa mawaya. Kamphete kovekedwa chozondoka kapena pa waya wolakwika kamanamiza gateway yabwinobwino. Ndi ntchito ya mmisiri, ya mphindi zochepa.

Ndikugulitsa nyumba, kapena ndagula ya sola kale. Waranti imatsatira?

Kwa opanga ambiri imatsatira ngati zipangizo zikhala pa denga lomwelo, koma siisamuka yokha. Pamakhala fomu yosinthira umwini, ena amalipiritsa, ena amaika malire a masiku. Wogula afunse zinthu zitatu asanasaine: akaunti isamutsidwe, gateway ionetsedwe ikugwira ntchito masana mapanelo onse akuwala, ndipo tsiku loyatsa koyamba lidziwike, popeza zaka zimawerengedwa kuchokera kumayambiriro, osati tsiku limene iye walowa m'nyumbamo.

Ndatsimikiza kuti yafa ndipo ili pa waranti. Ndichite chiyani?

Jambulani chithunzi cha kapepala komatidwa pa gateway, pamene pali nambala yake. Ngati gateway yanu ikadali moyo, jambulani lero, chifukwa kapepalako kamafufuta ndi zaka. Jambulaninso timagetsi take mmene tikuonekera, ndi tsamba la app loonetsa tsiku limene uthenga womaliza unafika. Pezani lisiti, mgwirizano wanu ndi wokuikirani, ndi mapu a denga oonetsa microinverter iliyonse pamalo pake ndi nambala yake.

Yambani ndi amene anakuikirani, chifukwa opanga ambiri amafuna dandaulo lidzere kwa mmisiri wovomerezeka. Akapanda kuyankha, pitani kwa wopanga mwachindunji. Lembani, musangoimba foni. Fotokozani zimene mwayesa kale: breaker, adapta, waya wa Ethernet, kuzimitsa n'kuyatsanso. Mukatero simubwezedwa koyambira. Pemphani nambala ya dandaulo lanu n'kuisunga, makamaka ngati zaka 5 zatsala pang'ono kutha, kuti pakhale umboni wakuti munanena nthawi ikadalipo.

Musaitsegule kuti muone m'kati, chifukwa chomata chikang'ambika waranti ikhoza kutha. Yatsopano ikabwera, mmisiri asachoke mpaka mutawerenga limodzi timabokosi pafoni n'kuona kuti tikufanana ndi chiwerengero cha mapanelo ali padenga. Yakaleyo musaitaye: makampani ambiri amafuna ibwezedwe m'masiku oikika, m'katoni momwe munabwera yatsopano, ndipo ikapanda kufika amatumiza bilu.